Chilonda cha katemera wa BCG pa mkono wa khanda: chiti n'chabwinobwino, chiti n'chofunika chipatala

Pa akatemera onse amene mwana amalandira asanakwanitse chaka, BCG, katemera woteteza ku chifuwa chachikulu (TB), yekha ndiye amasiya chilonda, ndipo amachisiya mochedwa. Khanda libayidwa lero, mkono ukhala wosalala masabata awiri kapena atatu, mayi mpaka kuiwalako, kenako pamene anabaya paja n'kuyamba kutupa, kupsa, kutuluka mafinya. Apa m'pamene pakhomo pamabuka maganizo ambiri. Agogo ati n'chithupsa, chifinyidwe. Bambo ati anamwino anabaya molakwika. Aneba abwera ndi kapisozi woti athirepo. Chonsecho kwa ana ambiri palibe chimene chalakwika, ndipo mavuto ochuluka amene timawaona pa mkono umenewu amayamba ndi manja a anthu ofuna kuthandiza.

Chifukwa chake chili m'botolo momwemo. Katemera wa Penta, wobaya pantchafu uja, ali ndi tizilombo takufa ndi tizidutswa ta tizilombo. Thupi limatizindikira tsiku lomwelo, mwana n'kutentha thupi usiku umodzi kapena uwiri, basi zatha. BCG ndi wamoyo. Ndi kachilombo ka chifuwa chachikulu cha ng'ombe, Mycobacterium bovis, kamene Albert Calmette ndi Camille Guérin anakafooketsa ku Lille m'dziko la France. Anakabzala mobwerezabwereza ka 230 pa mbatata ya kachewere yonyowetsedwa ndi ndulu ya ng'ombe, kuyambira 1908 mpaka 1921, kufikira kanasiya kudwalitsa nyama. Khanda loyamba linalandira katemerayu ku Paris mu 1921.

Ndiye namwino akabaya, wabzala tizilombo tamoyo pakhungu la mwana, ndipo tiyenera tichulukane kaye thupi lisanayambe kulimbana nato. Tizilombo tambiri toyambitsa matenda timagawikana pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse, koma ta banja la TB timatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti kamodzi kakhale tiwiri. N'chifukwa chake mkono umakhala zii kwa masabata. Kutupa kumene kumadza pambuyo pake ndi asilikali a m'thupi amene asonkhana kuzungulira tizilomboto, ndipo mafinyawo ndi asilikali akufa osakanikirana ndi tizilombo ta katemera. Sikuti pamalopo palowa litsiro.

Kabayidwe kake

Mlingo wa mwana wosakwana chaka ndi 0.05 ml. Ndi kadontho kochepa kwambiri, moti 1 ml imakwanira makanda 20. Wopitirira chaka amalandira 0.1 ml. Katemerayu sabayidwa m'mnofu ngati Penta, sabayidwanso pansi pa khungu. Amalowa m'kati mwa khungu lenilenilo, kunja kwa mkono chakumtunda, pamene mnofu wa phewa umathera. Namwino amakoka khungu ndi zala ziwiri, n'kugoneka singano pafupifupi molingana ndi khungulo, kukamwa kwa singano kutayang'ana kumwamba, n'kuilowetsa mamilimita awiri okha. Akamakankha mankhwala amamva kulimba, ndipo pamatukuka kachotupa kotuwa, ka mamilimita ochepa, kooneka ngati polumidwa ndi udzudzu. Kachotupa kameneka ndiko kamasonyeza kuti katemera wakhala pamalo pake. Mankhwala akalowa mofewa popanda chotukuka, singano yapita pansi kwambiri, ndipo ana otero ndiwo amachita chithupsa chachikulu pambuyo pake.

Mukaona namwino sanapukute ndi spiriti asanabaye, musamuyese waulesi. Spiriti imapha tizilombo ta katemerayu. Khungu likakhala lakuda amatsuka ndi madzi n'kudikira liume. Akamaliza kubaya, pamalopo sipotikita.

Dziko lililonse limasankha mkono umodzi wobaya ana onse kuti chipsera chisamavute kufunafuna. Ku South Africa ndi wamanja, ku Britain ndi wamanzere. Kubaya m'mwamba mopitirira, pansonga pa phewa, n'kulakwitsa, chifukwa khungu la pamenepo limakonda kuchita chipsera chokhuthala chotukuka chimene chimapitirira kukula.

Katemerayu amabwera ali ufa m'kabotolo koderapo, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumamuwononga. Amasungunulidwa ndi madzi ake ochokera ku kampani yomweyo, amasungidwa pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akangosungunulidwa ayenera kutha pasanathe maola 6. Wotsala amatayidwa. Pachifukwa ichi zipatala zina zing'onozing'ono zimaika tsiku la BCG kuti ana achuluke asanatsegule botolo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti botolo litsegulidwe ngakhale mwana ali mmodzi, ndipo ndi malangizo oyenera, poti mwana wobwezedwa kawirikawiri sabweranso msanga. Ngati mwatuluka m'chipatala mwana asanabayidwe, funsani tsiku lenileni loti mubwerenso, osadikira sikelo ya masabata 6.

Mmene chilondacho chimayendera

Kachotupa kotuwa ka tsiku loyamba kamaphwa pakangotha theka la ola. Pamatsala kadontho kofiira kamene kamazimirira pa tsiku limodzi kapena awiri. Kenako palibe chooneka.

Pakati pa sabata yachiwiri ndi yachinayi, kwa ana ena mpaka yachisanu ndi chimodzi, pamatuluka kansungu kolimba. Mabuku amati kofiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka kwenikweni. Chimene mungaone ndi kabuluzi konyezimira, kakuda kuposa khungu lozungulira, ndipo nthawi zambiri chala chimakapeza maso asanakaone. Kamakula pang'onopang'ono mpaka mamilimita 4 kufika 8.

Chapakati pa mwezi woyamba ndi wachiwiri kamafewa, pamwamba pake n'kuyera kapena kuchita chikasu, kenako n'kuphulika kokha. Mumatuluka timafinya tochepa, nthawi zina tosakanikirana ndi kamagazi, n'kutsala kachilonda kosazama, kosapitirira sentimita imodzi. Kamachita nkhanambo. Nkhanambo ija imatha kugwa, kachilonda n'kuyambanso kuchucha, n'kuchitanso nkhanambo ina, kawiri kapena katatu. Amayi ambiri amataya mtima pa nthawi imeneyi poganiza kuti chilonda chikukana kupola, koma kubwerezabwereza kotere ndi mmene BCG amachitira.

Kupola kwenikweni kumatenga miyezi 2 mpaka 5 kuchokera tsiku lobaya. Pamatsala chipsera chozungulira, cholowa m'kati pang'ono, chosakwana sentimita, chimene poyamba chimakhala chakuda kenako n'kumatuwa. Pa nthawi yonseyi mwana amayamwa bwino, amagona, amagwedeza mkono wake monga mwa masiku onse, ndipo sikelo imakwera. Ana amasiyana: wina kansungu kake kamauma osaphulika n'komwe, wina kamachucha mwezi wathunthu. Onsewo ali bwino.

Kusamala kwake n'kusachita kanthu

Chilondachi chimafuna mpweya ndi kuuma. Mwana asambe monga mwa nthawi zonse, madzi ndi sopo zikafika pamkono palibe vuto, koma musakhule ndi kansalu. Pomupukuta, ingogunditsani thaulo loyera pamalopo mpaka paume. Mafuta odzola, Vaseline ndi paudala zilambalale pachilondapo. Avale malaya a thonje otakasuka m'manja, osati juzi yothina yokhula pankhanambo.

Kufinya ndiko koipitsitsa. Kumakankhira tizilombo ta katemera m'kati mwa mnofu, ndipo zikhadabo zimabweretsa tizilombo tina ta pakhungu timene timayambitsa chithupsa chenicheni. Kukhadzula nkhanambo kumangobweza chilonda pachiyambi ndi kukulitsa chipsera. Pulasitala yomata imasunga chinyontho, khungu lozungulira n'kufewa, chilonda n'kutambalala. Spiriti ndi jivi zimawotcha kakhungu katsopano kamene kakufuna kutseka. Ufa wa m'kapisozi wa amoxicillin, umene anthu ambiri amaukhulupirira pa zilonda, sugwira kachilombo ka BCG ngakhale pang'ono. Mkaka wa m'mawere ndi chakudya chabwino koma pachilonda umangonyowetsa. Phulusa, dothi, masamba osinja ndi zina zachikuda n'zoopsa koposa, chifukwa ndi njira imodzi imene kafumbata amalowera mwa khanda.

Pali kavuto kamodzi kamene amayi obereka ana kumbuyo amakumana nako: thukuta ndi kukhula kwa chitenje. Mafinya akauma pamodzi ndi nsalu, malaya amamatirira pankhanambo. Musazule. Nyowetsani ndi madzi owiritsa ozizira, dikirani pang'ono, nsaluyo ichoka yokha. Ngati chilonda chikuchucha kwambiri moti chikudetsa zovala, ikani kansalu kouma kakuchipatala (gozi) momasuka, kokha koteteza ku nsalu, n'kumakachotsa mwana akagona kuti papite mphepo. Mukagwira mafinyawo sambani m'manja, basi. Mwana sangapatsire TB abale ake kudzera pachilonda chimenechi.

Mwanabele m'khwapa

Tizilombo ta katemera sitikhala pakhungu pokha. Tina timatengedwa kupita ku timisempha ta m'khwapa mwa mkono womwewo, kumene chitetezo cha thupi chimaphunzirira mdani wake. Choncho kamwanabele kakang'ono, kosapitirira sentimita imodzi, kolimba, koyendayenda pansi pa chala, kosapweteka, ndi mbali ya ntchito ya katemerayu. Kamatha kokha. Amayi ambiri amakapeza mwangozi pomusambitsa mwana.

Mwanabele akafika sentimita imodzi ndi theka kapena kupitirira, kaya m'khwapa kaya m'munsi mwa khosi mbali yomweyo, mwana akaonedwe kuchipatala. Izi zimakonda kuoneka pakati pa miyezi 2 ndi 6. Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wolimba, khungu pamwamba pake lili bwinobwino, mwana sakudwala. Uyu madokotala amangomuyang'anira, ndipo amaphwa yekha pakapita miyezi ingapo. Kholo likhoza kukhumudwa pobwerera kunyumba opanda mankhwala, koma mankhwala opha tizilombo, ngakhale a TB amene, sanaonetse kuti amafulumizitsa kuphwako. Wachiwiri ndi wofewa, wamadzi m'kati, khungu lanyezimira ndi kumatirira pachotupacho. Uyu akasiyidwa amaphulika yekha n'kusiya bowo lochucha kwa miyezi. Chithandizo chake n'kukoka mafinyawo ndi jakisoni asanaphulike, nthawi zina kangapo. Kucheka ndi mpeni ngati chithupsa wamba kumachedwetsa kupola, ndipo kutema mphini pamenepo n'kuwonjezera vuto pa vuto.

Mwanabele wa m'khwapa la mkono umene sunabayidwe, kapena wa mbali zonse ziwiri, kapena wa m'mphechepeche, si wa BCG. Ameneyo afufuzidwe chifukwa chake.

Zimene zimachulukitsa zithupsa ndi anabele akuluakulu zimadziwika. Kubaya mozama ndi chimodzi. Kupereka 0.1 ml kwa khanda m'malo mwa 0.05 ml ndi china. Botolo losasakanizidwa bwino limapatsa ana ena tizilombo tounjikana. Mtundu wa katemera nawonso uli ndi gawo: BCG wa masiku ano ndi mitundu ingapo yochokera kwa kholo limodzi lija la 1921, ndipo wa Pasteur ndi wa Danish amatupitsa kuposa wa Tokyo. Azaumoyo akaona ana angapo obayidwa pachipatala chimodzi akubwera ndi zithupsa m'nyengo imodzi, alembe malipoti a zovuta zobwera pambuyo pa katemera ndi kuonanso kabayidwe, poti kawirikawiri vuto limakhala pa dzanja logwira jakisoni.

Masiku ndiwo amasiyanitsa

BCG ndi wochedwa, ndiye chilichonse chofulumira n'chokayikitsa. Mkono ukatupa, kutentha ndi kupweteka pa masiku awiri kapena atatu oyamba, amenewo ndi tizilombo tina timene talowa ndi singano kapena ndi zala, ndipo mwana akufunika mankhwala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi chilonda chimene chinali bwino kenako kutupa kwake n'kuyamba kufalikira mkono wonse, mafinya n'kununkha, mwana n'kumalira akakhudzidwa. Kwa mwana wokulirapo amene wabayidwa mochedwa, kansungu kotuluka pasanathe sabata kangasonyeze kuti thupi lake linakumana kale ndi TB, choncho iye ndi a pabanja pake ayezedwe. Chochedwa mopitirira nachonso chionedwe: chilonda chokula kuposa sentimita imodzi, kapena chosapola patadutsa miyezi 5.

Nkhani ya kutentha thupi ndiyo yofunika kuimvetsa koposa zonse. BCG kawirikawiri satenthetsa thupi. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha kufika madigiri 38, kapena likazizira kutsika 35.5, likakana bere, likamapuma mofulumira ka 60 kapena kupitirira pa mphindi, nthiti zikamalowa m'kati, likafooka kapena kukomoka, musanene kuti ndi katemera wa pamkono uja. Zimenezo ndi zizindikiro za matenda a m'magazi, chibayo kapena oumitsa khosi, ndipo mwa khanda amapha pa maola ochepa. Pitani kuchipatala ngakhale usiku.

Chimene chimasokoneza n'chakuti chilonda cha BCG chimapsa nthawi yomwe mwana akupita ku sikelo ya masabata 6, kumene amalandira akatemera a Penta, PCV, Rota ndi poliyo. Usiku wake amatentha thupi pang'ono, mayi n'kuyang'ana pamkono pali mafinya, n'kugwirizanitsa ziwirizo. Kutenthako n'kwa jakisoni wa pantchafu, ndipo kumatha pa tsiku limodzi kapena awiri. Chilonda cha pamkono si chifukwa chodumphira katemera wa masabata 6, 10 ndi 14.

Chipsera chikapanda kuoneka

Pafupifupi mwana mmodzi pa 10 aliwonse obayidwa sachita chipsera chooneka. Zimachitika kwambiri kwa obayidwa atangobadwa kumene, chifukwa mlingo wawo ndi wochepa ndipo chitetezo chawo chikadali chanthete. Malangizo a WHO a mu 2018 amati kusowa kwa chipsera si umboni woti mwana sanatetezedwe, ndipo salimbikitsa kubayanso. Umboni wa katemera ndi zimene zalembedwa m'buku la sikelo. Ngati m'bukumo mulibe tsiku la BCG ndipo pamkono palibe kanthu, auzeni alangizi a zaumoyo, chifukwa mwina mwanayo sanabayidwe n'komwe.

Umodzi mwa maumboni akuluakulu pa nkhani yobaya kachiwiri unachokera kuno ku Malawi. Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu opitirira 120,000 m'boma la Karonga analowa m'kafukufuku wa BCG, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1996. Katemera wachiwiri anachepetsa khate pafupifupi ndi theka, koma sanawonjezere chitetezo ku TB ya m'mapapo.

Ana ofunika kuwaganizira mwapadera

Popeza katemerayu ndi wamoyo, amadalira chitetezo cha mwana kuti chimutsekere pakhungu ndi m'khwapa. Chitetezo chikakhala chofooka kwambiri, tizilomboto timatha kufalikira ku chiwindi, kapamba, mafupa ndi mapapo. Mwa ana athanzi izi n'zosowa kwabasi. Mwa makanda amene ali ndi HIV, kafukufuku wa ku South Africa wa mu 2009 anapeza kuti zimachitikira pafupifupi mmodzi pa 100.

Izi sizitanthauza kuti mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV asabayidwe. Ambiri mwa ana amenewa alibe kachilomboko, makamaka mayi akamamwa ma ARV mokhulupirika, pomwe TB ili nawo pafupi. Choncho khanda looneka lathanzi limabayidwa pobadwa, n'kudzayezedwa magazi pa masabata 6. Amene wapezeka kale ndi HIV asanabayidwe, kapena akuoneka wodwala, amayamba walandira ma ARV mpaka thupi lilimbe. Palinso china chimene chimadabwitsa makolo: mwana amene anabayidwa pobadwa akayamba ma ARV, patapita masabata kapena miyezi yochepa chipsera chimatha kutupanso, mwanabele n'kukula. Ndi chitetezo chimene chadzuka n'kupeza tizilombo ta katemera tikadalipo. Akaonedwe ndi dokotala, koma ma ARV asasiyidwe.

Zizindikiro za BCG wofalikira ndi sikelo yosakwera, kutentha thupi kosatha, chilonda chosapola, anabele m'malo ambiri ndi mimba yotupa. Pabanja pamene makanda ena anamwalira ndi matenda obwerezabwereza osadziwika bwino, anamwino auzidwe mwana asanabayidwe, chifukwa pali ana obadwa ndi chitetezo chosagwira ntchito. Kutupa kwa fupa kapena mfundo kochokera ku BCG kumatha kuoneka patapita chaka kapena kupitirira, mwana atayamba kale kukwawa. Madokotala amafuna kudziwa ngati wolakwa ndi BCG kapena TB yeniyeni, chifukwa pyrazinamide, mmodzi mwa mankhwala anayi a TB, sagwira kachilombo ka BCG.

Mayi akapezeka ndi TB ya m'mapapo chakumapeto kwa mimba kapena atangobereka, dongosolo limasintha. Khanda limayezedwa kaye, ndipo ngati silikudwala limamwa mankhwala oteteza ku TB a isoniazid kwa miyezi 6. BCG amadikira mpaka mankhwalawo atha, chifukwa isoniazid angaphe katemerayo asanagwire ntchito. Kuyamwitsa kumapitirira. Ana obadwa masiku asanakwane kapena ochepa sikelo amabayidwa akakhala kuti ali bwino, kawirikawiri asanatuluke m'chipatala, ndipo kwa ochepetsetsa, osakwana 1.5 kg, dokotala ndiye amasankha nthawi.

Mabanja a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okhala ku Britain adziwe kuti kumeneko BCG sabayidwa kwa mwana aliyense. Amaperekedwa kwa amene kholo kapena agogo ake anabadwira m'dziko limene anthu 40 kapena kuposerapo pa 100,000 amadwala TB pachaka, ndipo maiko athu ali m'gulu limenelo. Ku England, kuyambira 2021, amabaya mwana ali ndi masiku pafupifupi 28, osati pobadwa. Mzamba akapanda kufunsa kumene munachokera, nenani nokha. Kayendedwe ka chilonda n'komweko, kungoti masabata muziwerenga kuchokera tsiku lobaya.

Chipsera chikakhalapo, chimene mwana wapeza ndi chitetezo cha pafupifupi 70 mpaka 80 pa 100 ku mitundu iwiri ya TB imene imapha ana aang'ono: yolowa mu ubongo n'kuumitsa khosi, ndi yofalikira thupi lonse. Ku TB ya m'mapapo chitetezo chake n'chosadalirika, makamaka m'maiko otentha. Mwana wosakwana zaka 5 amene akugona nyumba imodzi ndi munthu wopezeka ndi TB ya m'mapapo ayenera kupita kukayezedwa ndi kulandira mankhwala oteteza, kaya pamkono pali chipsera kaya palibe.